Khasu Linatsala Pakhomo

Kwathu ku Benga, kukumba manda sikunkaona chipembedzo. Akamwalira wa kumzikiti, anyamata a kutchalitchi ankabwera ndi makasu, ndipo akamwalira wawo, athu ankalawirira kumanda. Mwana wanga wamwamuna ndinamulera momwemo.

Kenako anagula foni. Mmenemo munali mnyamata wina wandevu zopesa bwino, wa pakamwa potsekemera, amene tsiku lililonse ankaonetsa nkhondo ya kutali: nyumba zogumuka, makanda okulungidwa m'nsalu zoyera. Nditaonera kamodzi ndinalira, poti mwana ndi mwana. Koma wandevuyo sankalekera pomwepo. Ankati aliyense wosapemphera ngati ife akusangalala ndi imfa zimenezo, ngakhale amene timatunga naye pamjigo umodzi. Pomaliza ankati, "Dinani apa, tumizirani anzanu." Mwana wanga ankadina, mpunga n'kuzizira m'mbale.

Ndinakalipa mpaka mawu kusasa. Iye ankangoti, "Amayi, inu za padziko simukuzidziwa."

Chaka chatha anamwalira bambo a nyumba yoyandikana nafe, mkulu wa mpingo, amene anathamanga ndi mwana wangayo panjinga kuchipatala ali khanda, malungo atamukomola. M'mawa ndinamuimikira khasu pakhomo.

"Nyamuka iwe, anzako apita kale kumanda."

"Adani sindiwakumbira, amayi."

"Adani ati? Amene anakupulumutsa aja?"

"Mbali yawo ndi imene ikupha ana."

Ndinapita ndekha kusiwa, mwamanyazi. Amayi amasiyewo sanandifunse kanthu, anangondisunthira pamphasa. Bola akanandilalatira.

Mwezi wathawu mchimwene wanga naye anatisiya. Ife sitigoneka maliro, choncho manda ankafunika msanga. Ndinakhala pakhonde maso ali kunjira ya kutchalitchi. Anabwera ndithu, koma madala okhaokha, makasu paphewa, wina akutsimphina. Nditafunsa za anyamata awo, mmodzi anayang'ana pansi.

"Mayi, athunso ali naye wawo wa mufoni. Amawaonetsa makanda ena, n'kumati mwapha ndinu."

Madalawo anakumba mopumira, dothi la chilimwe lili gwa, mpaka nthawi ya swala, pemphero lathu la masana, inadutsa dzenje lisanathe. Mwana wanga anakumba nawo osawapatsa ngakhale moni.

Nkhondo ija sindikudziwa ngati inatha. Wandevu uja akuti anagula galimoto. Ine ndimangowayang'ana madala aja akamadutsa, mmene akalambiramo, n'kumapempha kuti ndidzatsogole iwo akadali ndi mphamvu yonyamula khasu.