Mvula Inalowa m'Paipi

Nyumba ija sitinaikonde chifukwa cha kukongola. Inali yomaliza pa mzere wa nyumba zitatu, kumunsi kwenikweni kwa chitunda, chapafupi ndi msika wa pa Boma ku Chitipa, ndipo mphepo ikayamba fumbi lonse la m'tauni linkathera pakhonde pathu. Chimene chinatikoka chinali chimodzi basi. Inali ndi chimbudzi chamadzi m'kati, khomo lake loyang'anizana ndi la kuchipinda.

Bambo akunyumba kwathu anali atadwala sitiroko chaka cham'mbuyo mwake. Ife kwathu ndi ku Thyolo, ku Chitipa tinapitira geni ya zitenje. Iwo ndiwo ankawoloka malire kukapikula, ine n'kumakhala pa benchi mumsika. Matenda atabwera mbali ya kumanja inafa, lilime linalemera, ndipo maulendo a kumalire anagwera ine. Kusamba ndinkawasambitsa, malaya ndinkawaveka, nyama ndinkawadulira. Koma kuchimbudzi ankapita okha. Ankagwira mutu wa bedi, kenako chitseko, kenako khoma, akukoka mwendo mpaka kufika, n'kudzitsekera. Tsiku lina ndinayesa kuwagwira pamkono panjira imeneyi, ndipo anandiyang'ana ndi diso limene sindinalionepo chikwatiranireni. Ndinawasiya. Pa zonse zimene munthu wamkulu amadzichitira yekha, chinawatsalira chinali chimenecho.

Eni nyumba, bambo wachikulire wa komweko amene anapuma ntchito ya uphunzitsi, anandiuza malamulo tsiku lolowa, titaima kuseri. Nyumba zitatuzo zinkathira m'paipi imodzi yotsika ndi chitunda kukalowa m'dzenje la sepitiki, kumunsi kwa nyumba yathu. Kuseri kwa nyumba iliyonse kunali kabokosi ka simenti kokhala ndi chivindikiro, kamene ankati chemba, pamene paipi ya nyumbayo inkakumana ndi paipi yaikulu.

"Kuchokera m'nyumba mwanu kufika pa chemba, paipi ndi yanu, muisamale nokha," anatero. "Zitsononkho yayi, sanza yayi. Koma chachikulu chomene, amama, mvula isalowe umu."

Anafotokoza kuti dzenje lija analikumbira zotuluka m'nyumba zokha, mvula ingalidzaze masana amodzi, ndipo galimoto yopopa imachokera kutali, siyenda mpaka chilimwe. Linasefukirapo kale, zoipa n'kutsikira m'kanjira ka kumsika, a zaumoyo n'kuwachenjeza kuti zikadzachitikanso adzafuna kuona chimene achitapo. Ndiye lamulo linali lakuti nyumba imene yalowetsa mvula, paipi yake amaitseka ndi simenti mpaka dzenje litapopedwa, eni ake azikwera ku chimbudzi chokumba chimene chinali kumtunda kwa pulotiyo. Ndinavomera ndi mutu, mumtima ndikuseka. Ndani wamisala angathire mvula m'chimbudzi?

M'nyumba ya pakati munkakhala mkulu wina wogwira ntchito kumalire, amene tinkamuona mwa apo ndi apo. Ya kumtunda munali mayi wa ku Wenya, dera la ku Chitipa komweko, mwamuna wake wa kabaza wa njinga yamoto, ana anayi otsatizana ngati masitepe. Mayi ameneyu sindinamupemphe chilichonse, anangoyamba yekha. Ndikakhala kumsika ankasuzumira kwathu, kufunditsa phala, kutsegula mawindo. Ndikagona kumalire ndiye ankaphika. Bambo akunyumba kwathu atagwa m'khonde tsiku lina, ndiye anawadzutsa yekha, munthu wochepa thupi chonchija. Ankawatchula kuti adada, ndipo m'mawa uliwonse ankagwada pakhomo n'kufunsa kuti, "Mwawuka uli, adada?" n'kudikira yankho ngakhale litachedwa bwanji. Ine ndemwe ndinkawamalizira mawu chifukwa cha changu, iye ayi.

Chilimwe cha chaka chachiwiri chinali choipa. Mipopi inkauma masiku angapo otsatizana, madzi tinkachita kukatunga ku mjigo, ndipo munthu amene wasenza ndowa kukwera chitunda sangaithire yonse m'chimbudzi. Tonse tinkathira kabeseni kamodzi, kongophimba manyazi. Zinthu zinkaima m'paipi, dzuwa n'kumaziphika, ndipo fungo lonse linkatulukira m'nyumba ya kumunsi, kwathu. Ndinathira phulusa, ndinathira mankhwala, ndinatseka chitseko ndi chiguduli pansi. Sizinathandize.

Ine fungolo linkangondinyansa, koma bambo linkawadya mtima. Azimayi a kutchalitchi akabwera kudzawaona, wina akangogwira mphuno pang'ono, iwo ankagwetsa nkhope. Ankaganiza kuti alendo akuyesa ndi iwo. Ndinawauza kangapo kuti ndi paipi, pulotiyi yonse ikudziwa, koma munthu wodwala ali ndi makutu ake. Anafika pokana alendo.

Mvula yoyamba inandipeza mumsika, masana. Inabwera ndi ukali wa mvula imene yachedwa, moti tinkasonkhanitsa zitenje tikukuwa, ena akuseka, ena akuvina m'matope. Inenso ndinasangalala, ndinati tipumako ku mjigo. Itachepa pang'ono ndinakwera njinga kubwerera kunyumba.

Fungo linandilandira ndisanatsegule chitseko. Madzi akuda anali akutuluka pansi pa khomo la kuchimbudzi, adutsa m'khonde, alowa kuchipinda, afika pansi pa bedi. M'chimbudzimo munkabwata ngati mphika. Bambo anali atakhala pabedi, mwendo wabwino atautukula, koma wakufa uja unali pansi, m'zoipazo, mpaka m'kakolo. Anali atayesa kuukoka ndi dzanja limodzi, n'kulephera. Sanandiyang'ane.

Ndinawatukula mwendo, ndinautsuka, ndipo ndisanayambe china chilichonse ndinatuluka. Ine mtima wanga ndi wapachala, aliyense amene anagulitsana nane malonda akudziwa. Chemba chathu chinali chovindikira, madzi akutumphuka m'mbali. Cha pakati chimodzimodzi. Nditafika kumtunda ndinapeza chivindikiro chatsegulidwa, achiimika ndi njerwa, ndipo kangalande kokumba bwinobwino ndi khasu kakutenga madzi onse a padenga ndi a pabwalo n'kumawathira m'menemo. Mayi wa ku Wenya anali pomwepo, wanyowa mpaka m'kati, akulimbana ndi kutseka kangalandeko ndi dothi limene madzi ankangolikokolola.

"Ndi inu mwachita izi?"

"Phepani, amama. Phepani chomene. Ndimati maji achape paipi, fungo lija lithe."

Anthu ambiri kumeneko amaterodi. Mvula yoyamba ndi yotsukira, amatulutsa mphasa, amatsegula makola, amasiya madzi akokolole zonse za chilimwe. Koma tsiku limenelo ndinalibe khutu lomvera zimenezo. Ndinamufunsa ngati eni nyumba sanamuuze lamulo tsiku limene ankalowa. Ndinamufunsa ngati akudziwa kumene madzi amapita akatsika chitunda, kapena amayesa amakwera kumwamba. Ndinamuuza kuti apite akaone adada ake amene amawagwadira m'mawa uliwonse, aone chimene wawakhazikamo. Ndinalankhula mpaka ana ake anayamba kulira pakhonde. Iye anagwetsa chivindikiro, anatenga tsache ndi ndowa, n'kutsika nane. Tinakolopa nyumba ija awiri mpaka dzuwa kulowa, bambo atatembenukira kukhoma.

Dzenje nalo linali litasefukira, zoipa zitatsika m'kanjira ka kumsika. Sizinabisike. M'mawa mwake eni nyumba anafika ndi mmisiri atanyamula theka la thumba la simenti paphewa. A zaumoyo anali atawaitana kale. Tinakhala pakhonde pathu, ine, mayi uja ndi mwamuna wake, bambo ali pa mpando wawo m'kati, pafupi ndi chitseko.

"Lamulo mukulidziwa nonse," anatero eni nyumba. "Ndikungofuna kumva kuti ndi nyumba iti."

Ndinali wokonzeka kuloza chala. Ana aja ndinkawamvera chisoni, chifukwa chimbudzi chokumba chija chinali ndi bowo lalikulu, njira yake yoterera, ndipo wamng'ono anali atangosiya kumene kuyamwa. Koma ana ali ndi miyendo iwiri iwiri, ndipo amayi awo akhoza kuwagwira dzanja. Bambo kumtunda kuja sakanafikako ngakhale kunja kutauma. Sindinafunikenso kulankhula. Mayi uja anatsika pa mpando, anagwada pamaso pa eni nyumba, nati, "Ndine, adada. Khasu linali langa."

Eni nyumba anapukusa mutu n'kuuza mmisiri kuti akwere kumtunda. Mtima wanga unakhala pansi.

Kenako tinamva ndodo ikugogoda chitseko. Bambo ankatero akafuna kulankhula, kuti anthu adikire. Tinadikira. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, movutikira.

"Ndi... ne. Ndinawatuma... ndine."

"Yayi, adada, khalani chete," anatero mayi uja, akadali chigwadire.

Sanakhale chete. Zinatenga nthawi, thukuta likutsika, koma tonse tinamva. Kuyambira pamene mitambo inayamba kusonkhana, ine ndikapita kumsika, ankamupempha mayiyu kuti mvula ikadzagwa adzatsegule chemba chakumtunda, madzi adzatsuke paipi yonse. Iye ankakana, ankawakumbutsa lamulo. Iwo ankabwereza tsiku ndi tsiku, mpaka anamuuza kuti ngati amawatchuladi adada, awachotsere fungo limene likuwachititsa manyazi pamaso pa anthu. Mwana wa ku Wenya sakana kawiri katatu mawu a munthu wamkulu amene akudwala.

Ndinaimirira. "Abambo, musawamvere awa, akudwala. Sakudziwa chimene akunena."

"Mutu... uli bwino," anatero bambo, akuyang'ana ine, osati eni nyumba.

Eni nyumba anavula chipewa n'kuyamba kuchitembenuzatembenuza m'manja. Sanali munthu woipa. Anati a zaumoyo abwera kudzaona simenti, ndipo akapanda kuipeza pa nyumba imodzi atseka zonse zitatu. Koma anati chivindikiro chimene chinatsegulidwa ndi chakumtunda, khasu ndi lakumtunda, mwini wake wavomera yekha, ndiye palibe angawadzudzule akatseka kumtunda. Mwamuna wa kabaza uja naye anavomera, anati ana awo anakulira kumudzi, dzenje salidabwa. Aliyense pakhonde paja ankawatsegulira bambo njira yothawira.

Ndinalowa m'nyumba, ndinagwada pafupi ndi mpando wawo, n'kulankhula motsitsa kuti akunja asamve. Ndinawauza kuti aganize bwino, mvula yangoyamba kumene, galimoto yopopa ili kutali ndi miyezi. Ndinawafunsa kuti adzapita kuti. Ndinawauza kuti mayiyo wavomera ndi mtima wake wonse, palibe amene wamukakamiza. Ndinalira, ine amene sindilira pamaso pa anthu.

"Wolakwa... ndine," anatero. "Atseke... yathu."

Ndinawakwiyira tsiku limenelo kuposa mmene ndinakwiyira mayi uja dzulo lake, ndipo mkwiyo wake unalibe kolowera. Munthu ungamukalipire bwanji chifukwa chokana kuti mnzake asenze mlandu wake? Ndinaima kuseri n'kumaonerera mmisiri akusakaniza simenti ndi mchenga, akulowetsa chipepala cha thumba m'kamwa mwa paipi yathu, n'kumata. Ntchito yake inali yochepa kwambiri. Atamaliza anasalaza bwinobwino ndi supuni yake yomangira, ngati pali amene adzayamikire.

Masana omwewo ndinagula ndowa ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro. Mwamuna wa kabaza anatenga mpando wakale n'kuuboola pakati, ndipo anaubweretsa atauphimba ndi chitenje kuti anthu asaone. Mpandowo unali wotsika, bambo sakanatha kukhalapo kapena kudzukapo okha. Pankafunika ine kuwagwira m'khwapa, kuwatsitsa, kutuluka, kudikira ndodo igogode, kubwerera, kuwadzutsa, kenako kukwera chitunda ndi ndowa m'manja. Ine sizinkandivuta, ndinalera ana, ndinasamalira mayi anga mpaka tsiku lawo lomaliza. Ndinawauza zimenezi kangapo, mwina mokweza kuposa mmene zinkafunikira. Nthawi yonse imene ndinkawagwira ankatseka maso.

Mayi wa ku Wenya sanasiye kubwera. Za mawu anga aja sanazitchulepo, ndipo nditayamba kuzitchula ine anangoti, "Vyamala, amama," zatha. Koma za ndowa bambo anakanitsitsa kuti asayandikire, choncho maulendo a kumalire ndinawasiya, ndipo kumsika ndinkangopita theka la tsiku.

Patapita milungu ingapo ndinaona kuti mbale yawo ikubwerera ndi chakudya. Poyamba ndinati ndi chimfine cha mvula. Ndinasintha ndiwo, ndinagula nyama, ndinaphika mpunga. Mayi uja anabweretsa nthochi zophika ndi nyemba za ku Misuku, iwo anathokoza ndi ulemu wonse, anadya ziwiri, n'kukankha mbale. Tiyi ankamwa theka la kapu, madzi ankangonyowetsa milomo. Malaya anayamba kulendewera m'mapewa. Ndinawatengera kuchipatala pa galimoto ya hayala, anawayeza, sanapeze chachilendo, anangoti azidya mokwanira.

Tsiku lina masana, mvula ikugwa monga inkagwera tsiku lililonse, anakankhanso mbale atangotema kawiri. Ndinapsa mtima. Ndinamenya tebulo, ndinawafunsa ngati ndiwo zanga zayamba kuwawa, ngati akufuna anthu azinena kuti mkazi wa ku Thyolo akumana mwamuna wake chakudya, ngati akufuna kufa ndi njala m'nyumba yodzaza ufa. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera. Kenako anayang'ana pakona pamene panali mpando woboola uja, n'kuyang'ana ine.

"Ndikadya," anatero, "muvutika... ndinu."

Apo n'kuti mwezi wa Januwale usanathe, ndipo mvula ya ku Chitipa siifulumira kusiya.