Kalata Imene Tuntufye Anakana Kulemba

Tuntufye Mwafulirwa anachoka ku Karonga kupita ku South Bend, ku Amereka, kukaphunzira unesi. Ganyu yake inali yochapa mayunifomu a timu ya mpira wa Chimereka pa kakoleji kena. Mpirawo unkamuseketsa: wosongoka ngati papaya, anthu n'kumathamanga ataukumbatira.

Tsiku lina anaona wosewera wina akulephera kumenya mpira kuti udutse pakati pa mitengo ya golo. Tuntufye, amene kwawo anali goloboyi, anatula dengu la zochapa.

"Phazi lako lamanzere likuima patali. Taona."

Anaumenya, mpira n'kudutsa pakati penipeni. Kochi wamkulu anamuitana, ndipo sabata yotsatira anali akutrenitsa omenya mpira.

A Kenan, mkulu wa mpingo wa Amalawi, anamukokera pambali. "Achimwene, unesi ntchito siisowa. Mpira uwu uli ndi eni ake."

"Eni akewonso anachita kuphunzira, bambo," anayankha Tuntufye, ndipo unesi anausiya.

Anakhala wothandizira kochi zaka khumi ndi zisanu, akuphunzira masewerowo mpaka m'mafupa. Kenako koleji ina ya ku Indianapolis inamulemba ukochi wamkulu. Iye ndi mkazi wake Evelina anasamukira ku Beech Grove, kufupi ndi kolejiyo.

Chaka choyamba chinawawa. Pa masewero khumi anapambana awiri okha. Akomiti ya kolejiyo anamuitana, wapampando n'kunena kuti osewera sakumva Chingerezi chake, ndipo kungakhale kwaulemu atalemba yekha kalata yotula pansi udindo.

"Ngati mukundichotsa, mukandichotsere pabwalo, osewera anga akuona," anatero Tuntufye. "Koma kalata imeneyo sindilemba."

Atafotokozera Evelina, mkaziyo anangoti, "Mukanalemba, bwenzi nditakutsekerani panja."

Akomiti anazengereza, Tuntufye n'kubwerera pabwalo. Chipale chofewa chikagwa pabwalo ankachifoshola yekha m'mamawa kuti pasapezeke wonamizira nyengo. Katchulidwe kake ka Chingerezi sanasinthe ngakhale pang'ono. Osewera ndi amene anazolowera. Chaka chachiwiri anapambana masewero asanu ndi limodzi. Chachitatu sanagonje ndi kamodzi komwe, natenga chikho cha ligi yawo.

Pa mwambo wolandira chikhocho, wapampando uja anamuitana kutsogolo ndi dzina lachidule lakuti "Kochi T."

Tuntufye sanadzuke pampando.

"Dzina langa ndi Mwafulirwa," anatero mokweza. "Yesani."

Bamboyo anayesa katatu. Atalitchula bwino, m'pamene Tuntufye anaimirira.