Wakuba Mbuzi Amene Sanafunsidwe

Ndinabwerera kusukulu imvi zitayamba kale. M'mawa ndinkapalasa kabaza pa Nsanama, masana n'kukakhala pa desiki ya kumbuyo kuti ndilembenso mayeso a Fomu 4 amene anandikanika ndili mnyamata. Anzanga m'kalasimo anali a msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ankanditcha madala, ndipo ndikangolowa nthabwala zinkathera pomwepo.

Tsiku lina aphunzitsi a Chichewa anatigawa m'magulu. Anati gulu lililonse likonze sewero loti kalasi lonse lichite nawo, osati kungoonerera. Gulu lathu linakumana pansi pa mtengo wa mango. Ana onse duu, maso pa ine.

"Yankhulanitu. Pakamwa munasiya kunyumba?" ndinakalipa.

"Aakulu ndinu, madala," anayankha mtsikana wina, akukonza mpango wake kumutu.

Basi ndinakonza ndekha. Nkhani inali yoti mbuzi yokaphedwa pa sadaka yasowa m'khola. Ife a m'gululo tikhale oganiziridwa: wina wa chiwaya, wina m'busa, wina mlamu wa mwini mbuzi, ine malume a mwini mbuziyo. Kalasi lizungulire, lifunse aliyense mafunso, pamapeto litchule wakuba. Wakubayo ndinati ndikhale ine. Ndinkafuna anawo andizinge, andipanikize, tikangane mpaka tiseke limodzi. Mabodza anga ndinkayeserera ndikupalasa mumsewu wa ku Liwonde, moti mayi wina amene ndinanyamula anafunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino.

Zizindikiro ndinaziika poyera. Chingwe cha mbuzi chinkalendewera m'thumba la buluku langa, ubweya uli paphewa. Mnyamata wosewera wa chiwaya ndinamuuza kuti akamufunsa anene kuti anandiona m'mamawa ndikuchokera kukhola.

Tsiku la sewero aliyense wa ife anakhala pangodya yake. Kalasi lonse linakhamukira kwa anzangawo.

"Iwe wa chiwaya, nyama ya dzulo ija unaigula kuti?"

"Mundisiye ine. Kafunseni amalumewo, ndinawaona kukhola m'mamawa."

Anaseka, n'kupitiriza kumufunsa yemweyo. Kwa ine ankafika mmodzimmodzi, kuwerama pang'ono, "Mwaswera bwanji, madala?" n'kupitirira. Mtsikana wa gulu lina anachiona chingwecho, n'kuyang'ana kuwindo. Ndinachikoka kuti chituluke kwambiri. Palibe anabwerera.

Nthawi yotchula wakuba itakwana, onse analoza wa chiwaya. Ndinamenya desiki.

"Chingwechi simukuchiona? Ubweyawu? Maso anuwo ndi a chiyani?"

Aphunzitsi anafunsa mnyamata wa kutsogolo chifukwa chimene anasiyira malume osawafunsa.

"Tinachiona, aphunzitsi. Tonse tinadziwa kuti ndi iwowa," anatero atazolika. "Koma munthu wofanana ndi bambo athu, tiwaloze chala kuti ndi akuba? Iyayi."

Panalibe womukalipira. Ana anga ndinawalera chimodzimodzi.

Poweruka, wa chiwaya anali pakati pa anzake, akumukoka malaya. "Wakuba iwe, bweza mbuzi ya eni," iye akuseka mpaka misozi. Nditafika pakhomo anandipatukira njira. Mtsikana wa mpango uja ananyamula chikwama changa mpaka panjinga, n'kundipatsa ndi manja awiri.

"Muyende bwino, madala."

Ndinamangira chikwamacho pakaliyala ndi chingwe chomwecho, n'kubwerera pasiteji kukadikira okwera.