Thiransifoma Yokwechedwa

Zaka za makuponi a feteleza zija chimanga chinachuluka kwathu ku Simlemba, nkhokwe mpaka kuchepa. Vuto linali chigayo. Cha dizilo chinali kutali, ndiponso chinkafa masiku ambiri kuposa omwe chinkalira. Amuna anga anati basi, fodya watitopetsa, titsegule chigayo chamagetsi. Anagulitsa ng'ombe zathu zapangolo n'kukagula thiransifoma yakale ku esiteti ina ya fodya yomwe inkatsekedwa. Ine mtima unali m'mwamba kuyambira tsiku lomwelo. Ng'ombe ikadwala umaiona ndi maso, nanga chibokosi chachitsulo ungachidziwe bwanji?

Lamulo linali lakuti asanatilumikizire magetsi, abwere kaye munthu woyeza. Aone mafuta ake, aone ngati mbale zadothi zogwira mawaya pamwamba pake zilibe ming'alu, koma makamaka awerenge nambala yolembedwa pakachitsulo kam'mbali. Nambalayo inayenera kufanana ndi ya pasatifiketi yomwe a ku esiteti anatipatsa, yosonyeza kuti chinthucho chinayezedwa n'kuvomerezedwa komwe chinapangidwa. Podikira, thiransifoma inakhala m'chigafa momwe kale tinkayanikamo fodya. Nsima inaleka kundikomera. Ndinkangoganiza akuba amene amakhetsa mafuta a mathiransifoma, ndipo galu akauwa ndinkathamangira kuchigafa.

Akubawo sanabwere n'komwe.

Kwathu mlendo wolemekezeka akamabwera timasesa pabwalo, kuzira khonde, miyala kuipaka laimu. Pa zimenezi panalibe woposa apongozi anga, mayi awo a amuna angawo. Mapoto awo ankawala moti umadziona nkhope, ndipo anga ankawayang'ana ndi diso lachisoni. Atamva kuti woyeza afika mawa lake, anadikira ife titapita kudimba, n'kulowa m'chigafa ndi beseni, mchenga ndi phulusa. Pobwerako tinapeza chibokosi chili waliwali, iwo thukuta lili kamukamu. Ndinawathokoza ndithu. Kachitsulo kaja sindinakayang'ane.

Woyeza anali bambo wofatsa, wovala ovolosi. Mafuta anati ali bwino, mbale zilibe mng'alu. Mtima unayamba kutsika. Kenaka anagwada pambali, n'kusisita kachitsulo kaja ndi chala, kukayang'ana cham'mbali, kukathira timate. Kanali mbee, kosalala ngati supuni.

"Nambala ili kuti apa, bambo?" woyezayo anawafunsa amuna anga.

"Inalipo, bwana. Ndinaiona ndi maso angawa."

"Sindikukana. Koma ine ndikasaina chinthu chopanda nambala, mawa chikapsereza munthu, adzati satifiketi iyi inali ya thiransifoma iti? Zobedwa nazo zimabwera chonchi, zofufutidwa."

Apongozi, amene anakhala chapatali atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, anayankhula motsitsa.

"Ndakwecha ndine, mwana wanga. Panali tizinthu takudatakuda. Ndimati alendo angatione ngati anthu auve."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Mawu anafika pakhosi, koma mpongozi sumukalipira pamaso pa alendo, ngakhale kuseri komwe. Amuna anga anayang'ana kukhola lopanda ng'ombe. Woyezayo anati njira ndi imodzi: thiransifoma ipite ku Lilongwe ikayezedwe mwatsopano, ipatsidwe kachitsulo kena, ndipo kumeneko kuli mzere wautali. Lole inabwera n'kuitenga.

Mvula inagwa isanabwerere. Tinalima ndi makasu, manyowa tinasenza pamutu, nyumba ya chigayo ili chitsekere. Aliyense wodutsa ankafunsa kuti chilira liti, ine n'kumangoti posachedwa.

Apongozi sanapepese ndi pakamwa. M'mawa uliwonse ankabwera kudzatapa chimanga m'nkhokwe yathu, n'kukhala pamtondo, kukonola, kusinja, kusefa, msana wawo wopindika uja. Ndikati ndilandireko munsi ankaukoka.

"Siyani, amake mwana. Chigayo chanu ndinapha ndine."

Thiransifoma inabwera titakolola kale, ndi kachitsulo katsopano. Tsiku loyamba kulira chigayo, apongozi anafika ndi dengu lawo nakaima kumapeto kwa mzere, manja ali zikang'a zokhazokha. Ndinachita kuwagwira dzanja kuwapititsa kutsogolo.