Chitsa Chomaliza cha a Sichali

"...ndipo musamugwirire piki, a Sichali. Ndikudziwa ndi mwana wanu. Mukangomugwirira, mupita nonse awiri."

"Yewo, ahedi."

A Frackson Sichali akhala akuyankha choncho ahedi onse amene adutsa pasekondale yoyenderayi, ochokera ku Ntcheu, ku Dowa, ku Zomba, aliyense ndi malamulo ake. Anawalemba ngati mlonda. Koma kuno kumidzi ya ku Chitipa amadziwika ndi ntchito ina: amasunga kiyi wa kachipinda ka makasu, ndipo mwana akalakwa, ndi iwo amene amakamusonyeza chitsa choti azule.

Mmene ankayamba ntchito, sukulu inali pakati pa zitsa. Wochedwa, chitsa. Wolankhula Chilambya m'kalasi, chitsa. Woyankha mphunzitsi akumuyang'ana m'maso, chitsa chachikulu. Bwalo la mpira limene alendo amaliyamikira lero linalambulidwa ndi ana olangidwa, ndipo palibe amene amaona chachilendo pamenepo. Ena mwa anawo ndi manesi tsopano. Akakumana nawo paboma amawapatsa moni wa manja awiri, za zitsa osatchula. A Sichali sanafunsepo mwana chimene walakwa. Ankangomuyang'ana msinkhu, n'kumusankhira chovunda ngati chilipo.

Zovunda zinatha. Zolimba nazo zinatha, kupatula chimodzi cha muwanga kuseri kwa zimbudzi, chimene anakhala akuchilambalala zaka zonsezi poti mizu yake inalowa m'miyala.

Chinagwera Justina, mwana wawo womaliza, wa Fomu Folo.

Tsiku limene kunabwera akuluakulu a zamaphunziro, a kalabu ya mtsutso anapatsidwa mawu othokoza oti anene pa asembule. Justina ananena onse bwinobwino, kenako anawonjezera ake: kuti Lachisanu lililonse a Fomu Folo amakapalira chimanga m'minda ya aphunzitsi, mayeso ali pakhomo. Sananame. Aliyense wodutsa panjinga amawaona anawo m'mizere ndi yunifolomu. Mlandu unali woti ananena pali alendo.

Kalabu inatsekedwa tsiku lomwelo. Justina anauzidwa kuti asankhe: aime pa asembule n'kunena kuti ananama, kapena azule chitsacho Lolemba lisanafike. Apo ayi, asadzalowenso m'kalasi, ndipo mayeso oyeserera oyamba Lolembalo amupite.

"Ungopepesa, mama," anatero a Sichali atamupeza atakhala pakhomo pa kachipinda kaja. "Mawu awiri, basi zatha."

"Ndinene kuti ndinanama, adada?"

"Unene kuti pakamwa panaterereka."

"Inu simunandione m'munda mwa aphunzitsi a sayansi?"

"Ndinakuona. Makasuwo ndinatulutsa ndine."

"Ndiye ndipatseni piki."

Anamupatsa. Nkhwangwa anayamba ainola kaye, poti kunola ndi ntchito yawo, palibe akanawaletsa.

Anaima chapatali, manja kumbuyo, monga amachitira ndi ana a anthu ena. Mtsikanayo ankamenya piki mwaukali, piki n'kumadumpha pamwala. Mphunzitsi wina podutsa ndi choko m'manja anaseka, nati, "Loya wathu wayamba ulimi?" Justina sanadzutse mutu.

"Usalimbane ndi thunthu," anatero bambo ake chapansipansi. "Tsata muzu umodzi, udule, upite pa wina."

"Mwawauza angati zimenezi?"

"Ambiri."

"Ndiye simunatope?"

A Sichali kutopa anatopa kalekale, koma kutopa kwawo kunali kwa munthu amene amadzukabe m'mawa n'kukatsegula chitseko chomwecho. Iwo sukulu anailekera pulayimale, atakanika kupirira zikoti, ndipo pa ana awo onse, amene anafika Fomu Folo ndi uyu yekha.

Matuza anatuluka tsiku loyamba, n'kuphulika lotsatira. Justina anakulunga manja ndi chidutswa cha chitenje cha mayi ake. Anzake ankabwera pa buleki kudzaima chete m'mbali mwa dzenje, belu likalira n'kuthawa. Kangapo manja a a Sichali anachoka okha kumbuyo, iwo n'kuwabweza.

Chitsa chinagwedezeka Loweruka masana. Muzu womaliza utaduka, Justina anachikankha ndi msana, chinapendekeka, n'kugona chammbali. Iye anakhala pansi m'dothi lofiira, osalira, osaseka.

Ahedi anabwera foni ili kukhutu, naima patali poti nsapato zinali zopolisha.

"Chabwino. Abwere Lolemba. Dzenjelo akwirire." Atayenda pang'ono anatembenuka. "A Sichali, Lachisanu makasu mupatse a Fomu Firii. A Fomu Folo apume kaye."

"Yewo, ahedi."

Dzenje anakwirira ndi mapazi, bambo ndi mwana wawo. Za mapazi ahedi sananenepo. Justina anayesa kutola cholembera chimene chinagwa m'thumba la bulauzi, zala zinakana kupindika. Anachinyamula ndi zikhatho ziwiri ngati mbatata yotentha.

"Pofika Lolemba zikhala zitapola?"

"Kaya, mama. Tsogola, ndikupeza."

Anatseka kachipinda ka makasu, napatukira pa okala ya a Agnes pamphambano. Anagula kabotolo ka vaselini, kakang'ono kwambiri pa onse, nakaika m'thumba la jekete. Njinga yawo anaikankha mpaka kunyumba, osakwera.