Mayi Dympna ndi Nkhungu ya pa Sliabh Liag

Ku Teelin kuno palibe amene sadziwa minibasi ya Mayi Dympna Gillespie. Ndi yobiriwira, yodyeka ndi mchere wa m'nyanja, ndipo ikamakwera phiri la Sliabh Liag imalira ngati mbuzi yomangidwa. Ntchito yawo ndi kutenga alendo odzaona malo kukawasiya pamwamba, pamene phiri limathera mwadzidzidzi n'kugwera m'nyanja. Pakamwa pawo sipapuma. Nkhosa ikagona pakati pa msewu amatulutsa mutu pawindo: "Pepani bwana, tingadutse nawo?" Alendo kuseka mpaka misozi.

Mdani wawo ndi mmodzi, nkhungu. Ikatsika, munthu wochokera ku Germany amangojambula utsi woyera n'kubwerera. Koma mankhwala ake alipo, omwe aja amayi onse kuno amachita mawa lake kukakhala ukwati. Umatenga kachifanizo ka Mwana Yesu wa ku Prague, n'kukagoneka panja pansi pa mpanda kuti kuche bwino. Kamene kamagwira ntchito kwenikweni ndi koduka mutu, ndipo mutuwo uduke wokha, mwangozi. Ukaudula dala wangowononga chinthu chopatulika.

Tsono kawo kakale, koduka bwinobwino, anabwereka a kwa Byrne pa ukwati wa mwana wawo, mpaka lero zii. Anthu ena inu! Katsopano kamene Mayi Dympna anagula kanali ndi khosi ngati la ng'ombe.

M'chilimwe chathachi kunabwera achimwene awo, a Packie, amene anapita ku Glasgow ali mnyamata kukakumba njira za pansi pa nthaka. Anabwera kwa sabata imodzi yokha, maso akutha, adokotala atawauza kuti chaka chamawa sadzaonanso. Ankafuna chinthu chimodzi basi: kuona phompho lija kumene ankadyetsa nkhosa za bambo awo. Nkhungu nayo ngati yamva, inadzakhala paphiripo phee, osasuntha.

Mayi Dympna zinawapweteka mumtima. Anayamba kuika kachifanizo kaja malo okayikitsa: m'mphepete mwa windo, pamwamba pa filiji, pafupi ndi pogona mphaka. Mphaka ankangokalambalala mwaulemu.

"Mayi, kodi kameneka mukufuna kagwe?" anafunsa amuna awo, a Manus.

"Ine? Ndangokaika kuti kapitidwe mphepo."

"Kumwambako akukuonanitu."

"Inu imwani tiyi wanuyo. Za Kumwamba muzidziwe inu, amene mumaliza mkonono ku Misa?"

Tsiku lomaliza linafika, basi ya a Packie inali ya madzulo. M'mawa Mayi Dympna anagonja, anakaika kachifanizo pansi pa mpanda ndi mutu wake womwe, n'kupita kukaliza minibasi. A Packie anatuluka m'nyumba akufufuza njira ndi ndodo. Ndodo ija inakola kanthu, phazi linatsatira, kenako khotcho! Kamutu kanagubuduka mpaka pa tayala.

"Kalanga ine, ndaswa chiyani?"

"Achimwene! Mwaudula! Mulungu akudalitseni, mwaudula!" Mayi Dympna anatsika injini ikulira, n'kuvina pabwalo ndi nsapato zawo za mphira. "Manus, mwaona nokha, ine sindinakhudzepo!"

"Ndaona, mayi. Ndidzakuchitirani umboni kwa Bambo Mfumu."

Anakwera phiri, kumbuyo atanyamula alendo angapo a ku Japan. Pamwamba panali poyera mbuu, nyanja ikungomveka kubangula pansi. Anakhala pamwala, akudya buledi wa soda wopaka batala, a Packie akunyoza tiyi wa mlongo wawo kuti ndi madzi otsukira makapu. Dzuwa litapendeka pang'ono kunabwera kamphepo kochokera kumadzulo. Nkhungu inang'ambika pakati ngati chinsalu chakutha, phompho lonse poyera, miyala yofiira ndi yachikasu, mafunde akuchita thovu kutali pansipo. Alendo aja anakuwa.

"Dympna, akukuwiranji? Yachoka?"

Mayi Dympna anacheuka. Achimwene awo anali atatong'ola maso molunjika phompho, dzuwa likuwawomba kumaso, koma kutaliko sankaonako kanthu. A Packie anachedwa kubwera, maso anali atatha kale. Misozi inalengeza m'maso mwa Mayi Dympna, ndipo posowa chochita anayamba mawu awo a masiku onse, a kutalika kwa phompho ndi amonke akale amene ankapemphera pamwambapo.

"Za alendo zakozo ayi, iwe. Ndiuze za kwathu."

Anawagwira dzanja n'kuliloza kutsogolo. "Apo ndi pamene nkhosa yamphongo ya bambo inakanirira, inu n'kutsika pa chingwe, amayi n'kukukwapulani ndi thaulo lonyowa mpaka kunyumba."

"Wanama! Si apo. Ndi kumanzere, pansi pa mwala wofiira wokhala ngati chishalo cha hatchi. Pali kaudzu kobiriwira."

Mayi Dympna anayang'ana kumanzere. Mwala wofiira unalipo, kaudzu kanalipo, ndipo pa kaudzupo panaima nkhosa ya penti yabuluu pamsana, ikudya mosatekeseka.

"Ndi pomwepo, achimwene. Ndipo chitsiru china chakwerapo kale."

A Packie anaseka mpaka kutsokomola, chisoti chinagwa, alendo n'kumawajambula iwo m'malo mwa phompho. Atapuma anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete, dzanja lina lili m'thumba, likusisita kamutu kaja kamene anatola pabwalo m'mawa.

"Basi, mlongo wanga, ndapaona. Thira tiyi wako woipayo."