Njere 1,001 pamphasa

Lero mpunga wa kilombero utanunkhira kukhitchini, mtima unandiwawanso.

Ndili Sitandade 4 ku Vinthukutu, aphunzitsi ochokera ku Dedza analemba 1,001 pabolodi. “Mawa mundiuze nambala yomwe ingaigawe popanda chotsala. Wolephera, chikwapu.”

Kunyumba ndinawerenga njere 1,001 za mpunga pamphasa mpaka maso kuwawa. Nditaziika ziwiriziwiri, inatsala imodzi. Zitatuzitatu, zinatsala ziwiri. Mpaka sikisi zinakanabe. Ndinayamba timilu ta seveni, ndipo njere zosagawa zinali zitatsala pang'ono kutha.

Amayi anatulukira akuthamangira kumagule a chipani. “Fumapo, choka apo! Ukuseweretsa chakudya?”

Ananyamula mphasa n'kukhuthulira zonse m'dengu.

“Amama, ndinatsala pang'ono!”

Anali atafika kale kumsewu, ine nditatsina njere zinayi.